Piyano ya Kumayadi, Gitala ya Komboni: Mkangano Wakale wa mu Lusaka

Pa Sondo lapitali ndinali kwa atate aang'ono ku Chelstone, ndipo nsima inazizira chifukwa cha mkangano. Mwana wao wamkazi wa zaka 9 wayamba kukonda nyimbo maningi. Amayi ake afuna kumulipirira maphunziro a piyano kwa mphunzitsi wina ku Woodlands, ola limodzi pa sabata, ndi buku la manotsi. Iwo akuti piyano ndiye maziko, ukaidziwa ndiye kuti chilichonse udzaliza. Atate aang'ono akuti uko ndi kutaya ndalama chabe. Kutchalitchi kwao kuli mnyamata woliza kiyibodi mpaka azimayi kugwetsa misozi, koma sanapondepo m'kalasi la nyimbo. Mwana apite akakhale pambali pa mnyamatayo, aziona zala, basi.

Anandifunsa maganizo anga, ine ndinangoti nipatseniko ndiwo. Koma pobwerera m'basi ndinakumbukira kuti mkangano uwu suli wa banja lathu lokha. Mzinda wa Lusaka wakhala nao kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mbiri yake ili ndi zimene ingauze onse awiri.

Piyano inafikira kumayadi

Piyano inapangidwa ku Florence m'dziko la Italy cha m'ma 1700 ndi mmisiri wotchedwa Bartolomeo Cristofori. Ya masiku ano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Ndi chinthu cholemera, chofuna amuna angapo kuti chinyamulidwe, chofuna chipinda chouma, ndiponso chofuna katswiri woti azibwera kudzachuna nsambo zake zikamasuka. Kunena mwachidule, piyano ifuna nyumba yaikulu ndi thumba lolemera.

Manje ganizani za Lusaka wa nthawi ija. Njanji inafika kuno mu 1905, ndipo mu 1935 boma la Northern Rhodesia linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera kuno. Mzinda unamangidwa mogawa anthu. Azungu anali ku Ridgeway, pambuyo pake ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'nyumba za mayadi aakulu. Anthu akuda ogwira ntchito anaikidwa m'malo monga Kabwata, m'tinyumba tozungulira ta udzu ta chipinda chimodzi. Tina mwa tinyumba timeneti tikalipo pa Kabwata Cultural Village, pamene lero agulitsa ziboliboli. Mukapitako lowani m'kamodzi, muyang'ane khomo, ndipo mudzifunse ngati piyano ikanalowa.

Masukulu naonso anali ogawidwa. Amene lero tiwatcha Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls anali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, a ana a azungu. Maphunziro a piyano a mtundu wa ku Britain, okwera magiredi kuchokera 1 mpaka 8 pansi pa bungwe la mayeso la ABRSM limene linayamba ku London mu 1889, anali a mbali imeneyo ya mzinda. Choncho mawu akuti "piyano ndiye maziko" atafika kuno anafika atavala jekete. Sanali kunena za nyimbo zokha. Anali kunenanso za amene ali wophunzira ndi amene sali, amene ali wa kumayadi ndi amene ali wa komboni. Fungo limenelo silinathe mpaka lero, ndipo ndilo linali kuwapsetsa mtima atate aang'ono.

Do, re, mi inali njira yachidule

Nanga agogo athu anaphunzira bwanji kuimba m'mawu anayi, soprano, alto, tenor ndi bass, popanda piyano? Apa pali chinthu chimene ambiri sitidziwa. Njira ya tonic sol-fa, ija ya d, r, m, f, s, l, t imene makwaya a RCZ, UCZ, SDA ndi ena agwiritsa ntchito mpaka lero, poyamba inali njira yosazolowereka, yonyozedwa ndi akatswiri.

Inayambira ku England. Mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, anapeza njira yophunzitsira ana kuimba pogwiritsa ntchito zilembo m'malo mwa manotsi a pa mizere isanu. Mu 1841 mbusa John Curwen anapatsidwa ntchito yopeza njira yapafupi yophunzitsira ana a Sande sukulu kuimba, ndipo anatenga njira ya mayiyo, naikonza, naifalitsa. Cholinga chinali chakuti anthu osauka, opanda piyano kunyumba, athe kuwerenga nyimbo ndi pakamwa pao. Sifuna chida chilichonse, ndipo ingalembedwe ndi choko pa bolodi kapena kusindikizidwa ndi makina wamba a zilembo.

Amishoni anaona kuti imeneyi ndiyo ingayende m'midzi. Anabwera nayo ku Mwenzo, ku Lubwa, ku Magwero pafupi ndi Chipata kumene a Dutch Reformed anafika mu 1899, ndi kumamishoni ena. Pamene panali chida, nthawi zambiri chinali kaogani kakang'ono kopopa ndi mapazi. Aphunzitsi ophunzira kumishoni anafika nayo sol-fa m'matauni, ndipo inakhala chilankhulo cha makwaya athu.

Ngakhale nyimbo ya fuko lathu inadzera njira imeneyi. Chuni chake ndi cha Nkosi Sikelel' iAfrika, imene Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni pafupi ndi Johannesburg, anapeka mu 1897 ndi kuilemba mu sol-fa. Tikaimirira pa asembule kusukulu kapena ku Heroes Stadium, tiimba chuni chimene chinasungidwa ndi njira yachidule ya anthu osauka. Zimene lero tiziona ngati mwambo wakale wa tchalitchi zinali zachilendo tsiku lina.

Woliza piyano amene anakaphunzira ku Petauke

Amishoni asanabwere, makolo athu anali nayo kale njira yao yophunzitsira. Mwana anali kuphunzira ng'oma pokhala pafupi ndi ng'oma, poyamba kuwomba m'manja, kenako kang'oma kakang'ono kosunga kugunda kumodzi, mpaka atakula n'kupatsidwa ng'oma yaikulu. Kalimba ya Ansenga, kankobela ya Atonga ndi silimba ya Alozi zonse zinali kuphunziridwa motero, ndi khutu ndi maso.

Mu 1961 Mngelezi wina dzina lake John Blacking anapita ku Petauke kukafufuza kalimba ya Ansenga. Iyeyu anakulira pa piyano, manotsi anali kuwadziwa bwino. Poyamba anayang'ana nyimbozo monga anaphunzitsidwira, kutsata kukwera ndi kutsika kwa mawu. Pambuyo pake anazindikira kuti chimene chimanga nyimbo zambiri za kalimba ndi kayendedwe ka zala zazikulu ziwiri, chamanja ndi chamanzere, mmene zisinthanirana pa tizitsulo. Malamulo analimo, koma anali m'zala, osati papepala. Mu 1973 anatulutsa buku lotchedwa How Musical Is Man?, lozikidwa makamaka pa zimene anaona kwa Avenda a ku South Africa, ndipo mfundo yake inali yakuti luso la nyimbo ndi la munthu aliyense, osati la owerengeka opatsidwa mphatso.

Pali chinanso. Piyano igawa mtunda wochokera pa do wam'munsi kufika pa do wam'mwamba m'masitepe 12 ofanana ndendende. Opanga kalimba ndi silimba anali kuchuna ndi khutu, dera lililonse ndi kukoma kwake, ndipo mawu ena a zida zimenezi agwera pakati pa makiyi awiri a piyano. Mwana amene khutu lake lazolowera piyano yokha angamve silimba n'kunena kuti yasokonekera, pamene silimba ili bwinobwino. Maziko amodzi sangakwane nyumba zonse.

Wailesi ndiyo inali sukulu

Kuulutsa mawu kunayamba mu Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kogulidwa mapaundi 5. Kanalowa m'makomboni ndi m'midzi, ndipo Central African Broadcasting Service inayamba kumveka kuchokera mu Lusaka kufika ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Liwu limene anthu analikonda kwambiri linali la a Alick Nkhata. Anabadwa mu 1922, anapita kunkhondo, ndipo atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, amene anali kuzungulira Africa kujambula nyimbo za makolo. Pa wailesi a Nkhata anali kutenga nyimbo za kumudzi n'kuziika pa gitala, ndi mawu ogwirizana monga a kwaya. Anyamata a m'makomboni anali kumvetsera, kenako n'kukatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kupanga banjo. Mphunzitsi anali wailesi, mayeso anali anzako pakona. A Nkhata anaphedwa mu Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi kumene anali ndi famu. Msewu wodutsa pa Mass Media, pamene pali ZNBC, uli ndi dzina lao.

Njira ya kalasi nayo inali kukula. Mu 1963 kunatsegulidwa Evelyn Hone College pa Church Road, ndipo m'kupita kwa zaka inakhala malo odziwika ophunzitsira aphunzitsi a nyimbo, kumene munthu aphunzira manotsi, kiyibodi ndi kutsogolera kwaya. Choncho pofika nthawi ya ufulu mu 1964, mitsinje iwiri inali kuyenda mu mzinda umodzi: wa pepala ndi wa khutu.

Zamrock: ana a khutu

Zaka za m'ma 1970 ndizo zinaonetsa mphamvu ya mtsinje wachiwiri. Anyamata anali kumvetsera malekodi a Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, kubweza singano pa malo amodzimodzi mpaka zala zitagwira chimene khutu lamva. Kenako anasakaniza ndi kugunda kwa kwathu, ndipo kunabadwa Zamrock. Ku Copperbelt kunali WITCH ya a Emmanuel "Jagari" Chanda ndi Amanaz. Kunali Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga. Kunali a Keith Mlevhu, amene pa malekodi ao anali kuliza zida zonse okha. Pamene a Kenneth Kaunda analamula chapakati pa zaka zimenezo kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia, mabandi anapeza msika, ndipo Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ku Ndola zinatulutsa malekodi ambiri.

Wa mu Lusaka weniweni anali a Paul Ngozi, dzina lao lobadwa nalo Paul Dobson Nyirongo, obadwa mu 1949. Ndi bandi yao ya Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Gitala yao inali yaukali, yokhadzula, ndipo anali kuimba za moyo wa komboni m'Chinyanja cha m'tauni ndi m'Chingelezi. Akuluakulu amene anawaona pa siteji asimba za kuliza gitala ndi mano. Anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lao. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga chidutswa cha nyimbo yao Nizakupanga Ngozi n'kuchiika mu nyimbo yake Noid. Achinyamata ambiri a kuno anayamba kumva dzina la a Ngozi kudzera kwa mlendo.

Pambuyo pa Zamrock kunabwera kalindula, imene dzina lake lichokera ku chida cha besi chopangidwa pamanja cha ku Luapula. Amayenge, Shalawambe, Serenje Kalindula Band, Masasu Band ndi a P.K. Chishala anagwedeza dziko m'zaka za m'ma 1980. A Chishala anali osaona. Pepala la manotsi silikanawathandiza, koma nyimbo zao ziimbidwa m'mabasi mpaka lero.

Apa atate aang'ono angawombe m'manja kuti mlandu apambana. Koma adikire pang'ono.

Mtengo wa kusalemba

Choyamba, makiyi sanasowe m'mbiri imeneyi. A Smokey Haangala, ophunzira ku UNZA ndiponso mtolankhani, anamanga nyimbo zao za Chitonga pa kiyibodi, monga mu lekodi ya Aunka Ma Kwacha ya 1976. WITCH itasintha kulowa m'nyimbo za disco cha m'ma 1980, kiyibodi ya a Patrick Mwondela ndiyo inanyamula kamvekedwe katsopano ka Movin' On ndi Kuomboka. A Jagari eni ake anachoka mu bandi n'kukaphunzira uphunzitsi, nakhala mphunzitsi wa nyimbo. Munthu amene anadzaza maholo ndi luso la khutu anaona kuti m'kalasi mulinso kanthu kofunika kukatenga.

Chachiwiri ndi chowawa. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, chuma chinalowa pansi, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku m'nthawi ya nkhondo ya Rhodesia anapha madansi. Makaseti okopa anamaliza msika wa malekodi. Kenako Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mwa anthu amene anayambitsa WITCH, otsala ndi a Jagari okha.

Luso limene likhala m'zala chabe limapita ndi mwini wake kumanda. Sontonga anamwalira mu 1905, koma chifukwa analemba, kwaya iliyonse ingaimbe chuni chake lero. Oliza magitala a Zamrock sanasiye mabuku, ndipo matepi ambiri oyambirira anatayika. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozi cha m'ma 2010, inadalira matepi amene anthu ochepa monga a Ililonga anasunga, ndi malekodi akale otoledwa uku ndi uku. Pakanapanda zimenezo, bwenzi tikungomva nthano kuti kunali anthu odziwa gitala. Njira ya khutu ifuna mphunzitsi wamoyo pafupi nawe. Unyolo ukaduka pa m'badwo umodzi, wotsatira ayambira pansi. Apa ndiye pamene amayi aang'ono ali ndi mfundo yolimba, ngakhale iwo anainena mwa njira ina.

Piyano inalowera khomo la kumbuyo

Chodabwitsa n'chakuti piyano inafika ndithu komboni, koma siinadzere kwa mphunzitsi wa magiredi. Inadzera ku Japan. Makiyibodi a magetsi a Casio ndi Yamaha, opepuka, osafuna wochuna, okhala ndi ng'oma zake m'kati, anayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1980. Matchalitchi a Pentekosite atachuluka, makamaka a Frederick Chiluba atalengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, kalasi iliyonse ya sukulu yobwerekedwa pa Sondo inafuna woliza kiyibodi. Tchalitchi chinakhala koleji yaikulu ya nyimbo mu Lusaka, yaulere, yophunzitsa ndi khutu.

Mnyamata wa kutchalitchi kwa atate aang'ono ndi mwana wa sukulu imeneyi. Mphamvu yake ndi yoonekeratu: mayi akayambitsa kolasi pa mawu alionse, iye m'kamphindi wawapeza. Wophunzira magiredi ambiri sangachite zimenezo popanda pepala. Koma kufooka kwake nakonso tikudziwa. Ambiri aliza nyimbo zonse mu kiyi imodzi, kawirikawiri F sharp, n'kumadina batani la transpose kuti makina awasinthire. Muwaike pa piyano yeniyeni yopanda batani, kapena muwapatse nyimbo yolembedwa imene sanaimvepo, thukuta liyamba.

Kenako kunabwera kompyuta. Kuyambira pamene Mondo Music ya a Chisha Folotiya inatsitsimutsa nyimbo za kuno cha m'ma 1999, ndi oimba monga JK ndi Black Muntu, nyimbo zambiri za mu Lusaka zapangidwa mu situdiyo zazing'ono, munthu mmodzi ndi kompyuta. Tsegulani FL Studio pa laputopu ya mnzanu wopanga mabiti ku Kabwata kapena ku Chelstone. Pamene ajambula manotsi ndi mausi patchedwa piano roll, ndipo kumanzere kwa sikirini kwaimirira makiyi oyera ndi akuda aja a Cristofori. Nyimbo zimene zabwera kuchokera ku South Africa n'kudzaza mabala athu zitchedwa amapiano. Mnyamata amene anena kuti piyano ndi ya ana a kumayadi akhala usiku wonse akuyang'ana piyano, osadziwa.

Ndipo ubwino weniweni wa piyano ndi umenewu. Siili yopatulika kuposa gitala kapena kalimba. Koma pa piyano mawu onse ayalidwa pamzere, otsika kumanzere, okwera kumanja, ndipo ungaone ndi maso mmene kodi imangidwira. Ili ngati mapu a mzinda. Mapu athandiza, koma kondakitala wa basi ya ku Chelstone adziwa njira zonse popanda mapu, ndipo munthu angaloweze mapu onse osafikako ku Kamwala.

Nanga mwana uja?

Ngakhale kumaiko kumene piyano inachokera, aphunzitsi ena otchuka anafika pa mfundo imene agogo athu anali kuidziwa. Shinichi Suzuki wa ku Japan anati mwana aphunzire chida monga aphunzirira chilankhulo cha amayi ake, kumva ndi kutsanzira poyamba, kuwerenga pambuyo. Zoltán Kodály wa ku Hungary anati ayambe ndi kuimba nyimbo za kwao ndi pakamwa, ndipo anabwereka zizindikiro za manja za sol-fa ya Curwen. Carl Orff wa ku Germany anayambitsa ana ndi kuwomba m'manja, ng'oma ndi zida zonga silimba. Lero makolo ena alipira ndalama zambiri kuti ana aphunzire njira zimenezi m'masukulu odula, pamene ku Petauke zinali zaulere.

Mbiri ya mzinda uno ionetsa kuti maziko ndi khutu. A Nkhata, a Ngozi, a Chishala ndi mnyamata wa kutchalitchi onse anayambira pamenepo. Koma ionetsanso kuti khutu lopanda cholembera linatitayitsa chuma chambiri, ndi kuti woliza wa kiyi imodzi afika pamene sangapitirire. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndinawatumira foni atate aang'ono pa Chiwiri. Ndinati mwana apite ku Woodlands ngati thumba lilola, koma mufunse mphunzitsiyo ngati alola mwana kuliza nyimbo imene waimva pa wailesi popanda buku. Akakana, funani wina. Pa Sondo akhale pambali pa mnyamata wa kiyibodi, ndipo pa holide mupite naye kumudzi akamve ng'oma. Ndalama zikavuta, kwaya ya sol-fa ndi yaulere, ndipo idzamuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba chimene aimba. Anayankha kuti aganizapo, kenako anafunsa ngati ndingawapezere nyimbo za Ngozi Family pa foni, chifukwa lekodi yao inasweka kalekale ali mnyamata ku Matero.